Kufulatira Alamu

Ndinayamba kuwombera mfuti ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, mawondo atayamba kale kudandaula ndikamakwera masitepe a fulati yanga ku Dennistoun, kuno kwa azungu mumzinda wa Glasgow. Wofuna kuseka aseke, anzake anaseka kale mpaka nthiti kuwawa. Ndineneretu kuti si mfuti zenizeni zopha munthu. Kuno mfuti za m'manja zinaletsedwa kalekale, litachitika tsoka lina limene eni dziko salitchula mwachisawawa, ndipo ine ndimawamvetsa. Zathuzi ndi timfuti toyendera gasi, tolavula timikanda ta pulasitiki. Koma kulemera kwake, maonekedwe ake ndi malamulo ake n'chimodzimodzi ndi zenizenizo, ndipo kamkanda kamodzi kokha kakhoza kuphulitsa diso la munthu. Ukachita nako zachibwana amakuthamangitsa osayang'ana nkhope.

Amene anandikokera ku masewerawa ndi mayi wina wachizungu, mnzanga wa kuntchito. Tonse timagwira kunyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Tsiku lina pa buleki anandipeza ndikulowetsa ulusi pa singano kuti ndisokerere batani pa malaya a agogo ena. Ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi. Iye anati manja osanjenjemera chonchi akungowonongeka, Loweruka ndipite naye kukalabu kwawo. Ndinamuuza kuti Loweruka ndimachapa. Anati zovala sizithawa. Amuna anga anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, mwana wanga wamkazi, yemwe ndi nesi, anali atasamukira ku Partick, dera lina la mumzinda momwemu, ndipo zoona zake n'zakuti Loweruka ndinkachapa ngakhale zoyera kale kuti tsiku lithe. Ndiye ndinapita, ndikudziuza kuti ndikungomuperekeza.

Kalabuyo ili m'chinyumba chakale chosungiramo katundu, mabasi awiri kuchokera kwathu, chozizira ngati m'firiji. M'katimo anaimikamo timakoma ta matabwa, migolo, ndi zandamale za makatoni zodulidwa ngati chifuwa ndi mutu wa munthu. Masewera ake ali motere. Amayerekezera kuti achifwamba akupeza, kaya m'sitolo, kaya pakhomo pako. Kamfuti kamakhala m'kachikwama ka pa lamba, kobisika ndi jekete. Kawotchi kakalira kuti pii, umakankha jekete, kusolola, n'kuyamba kuwombera ukubisala kuseri kwa khoma, kawiri pa katoni iliyonse, kenako kusunthira pena. Makatoni ena anawajambula manja otambasula, amenewo ndiwo anthu osalakwa, ukawaboola akulanga. Amayang'ana liwiro lako ndiponso pamene walasa. Palibe amene akuwombera mnzake, aliyense amalowa yekha, ena onse ali kumbuyo kwa mzere wachikasu.

Tsiku loyambalo sanandipatse lamba. Anangondiimika patsogolo pa tebulo, katoni imodzi ili uko, n'kundionetsa kagwiridwe kake. Ndinatsinzina maso onse awiri powombera koyamba, osanama. Kachiwiri ndinatsegula. Pofika kachisanu timabowo tinali titaunjikana pamodzi pakati pa katoni, poti n'kuphimba ndi chivindikiro cha botolo la jamu. Mnzanga uja anakuwa ngati timu yake yagoletsa. Ine ndinangoti duu, koma m'mtimamu munali mukuvinidwa gule. Ha, ine ndi ine? Usiku umenewo ndinadya bwino kuposa masiku onse a chaka chimenecho.

Chimene ndinakonda kwenikweni sichinali kulasa ayi. Moyo wanga wonse ndakhala munthu woitanidwa. Kuntchito belu la m'zipinda limangolira kuyambira polowa mpaka poweruka. Kutchalitchi ndi amayi tagwirani apa, amayi mapoto aja ali kuti. Foni ikalira ndi kumudzi, wina wadwala, wina denga lasasuka. Koma kawotchi kaja kakalira, kwa theka la mphindi palibe amene ali ndi ine. Ndimamva mpweya wanga wokha ndi kuphulika kwa kamfuti. Zimenezo sindinazipeze kwina kulikonse, ngakhale m'pemphero, Mulungu andikhululukire.

Woyang'anira bwalolo ndi mkulu wina wowonda, wa ndevu zoyera, wolankhula Chingerezi cha ku Glasgow chija chomeza mawu theka. Zaka zonsezi ndakhala kuno, komabe akalankhula iwowo ndimatolako awiri pa mawu anayi. Lamulo lawo lalikulu analibwereza sabata iliyonse mpaka tinaloweza. Kukamwa kwa mfuti kuziyang'ana kutsogolo nthawi zonse, kumene kuli makatoni. Kukangodutsa paphewa pako kuloza kumene kuli anthu, mpikisano wako wathera pomwepo, kaya muli mkanda kaya mulibe, kaya unachita dala kaya ayi. Ndipo wongoyamba kumene amakhala pa miyezi yoyesedwa. Akachotsedwa kawiri m'miyezi imeneyo amalandidwa lamba, mipikisano wasiya, abwerere patebulo la ophunzira kufikira chaka chamawa. Ndinavomera ndi mutu. Ndinkaona ngati lamulo losavuta kuposa onse, nanga ine ndingaloze munthu ndi mfuti chifukwa chiyani?

Chimene sindinachiganizire n'chakuti woyang'anira amaima kumbuyo kwako. Amalankhula nawe ali kumsana, ndipo iwe uziyankha uli chiyang'anire kutsogolo. Ine ndinakulira ku Ntcheu, m'nyumba ya aphunzitsi. Mayi anga anandimenyapo ndi chipande pamsana chifukwa bambo anandiitana ndikutsuka mbale, ine n'kuyankha ndili chifulatire. Anati munthu wamkulu sayankhidwa ndi nkhongo, umasiya chimene wagwira, kutembenuka thupi lonse, kupinda mawondo, ndiye n'kuyankha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kuyambira pamenepo thupi langa limatembenuka lokha, mutu usanaganize n'komwe. Pa maphunziro, kamfuti kali patebulo, mkulu uja akalankhula ndinkatembenuka n'kupinda mawondo, iwo n'kumaseka, akuti palibe anawapatsapo ulemu wotere chibadwire. Akandipatsa kamfuti ndinkalandira ndi manja awiri. Anthu onse ankasangalala nazo, ndipo palibe mmodzi wa ife anaona dzenje limene linali kutsogolo.

Patapita miyezi itatu anandilola kulowa mpikisano wanga woyamba. Jekete yobisira kamfuti ndinalibe, ndiye ndinavala juzi yanga yotsegula kutsogolo, ya bulawuni, imene ndimapita nayo kutchalitchi nyengo yozizira. Mwana wanga anabwera kudzaonerera, foni m'manja. Chigawo choyamba ndinayenda bwino, pang'onopang'ono ngati nkhuku yonyowa, koma osaphonya. Chigawo chachiwiri, ndili pakati, kamfuti kanangoti zii. Ndinakoka chala, osalira. Ndinakokanso, osalira. Kabokosi ka mikanda kanali kasanalowe bwino. Ndili kulimbana nako, mkulu uja kumbuyo kwanga ananena mawu, mwina ankandiuza kuti ndikamenye kunsi, sindinamve. Ndipo thupi langa linachita zimene linaphunzitsidwa ku Ntcheu. Ndinangoti tembenu, thupi lonse, mawondo pinde, kamfuti kali m'manja awiri, kukamwa kwake kutaloza pamimba pa nkhalamba ija.

"Wawa?" ndinatero.

Anakuwa mawu amodzi okha oti ndiime. Anagwira dzanja langa n'kulibwezera kutsogolo, modekha ngati mmene ndimagwirira agogo a kuntchito. Anandiuza kuchotsa kabokosi, kuwaonetsa kuti mulibe kanthu, kubwezera m'kachikwama. Kenako anati pepani amayi, lero mwathera pano. Chinyumba chonse chinali chete, kumangomveka mvula padenga. Ndinayenda kudutsa mzere wachikasu nkhope ikutentha, n'kukakhala pa benchi pafupi ndi ketulo.

Manyazi anakhalapo pang'ono, kenako mtima unapsa. Ndinapsa mtima, abale inu! Zaka zonsezi ndamenyedwa kuti ndikhale waulemu, lero ulemu womwewo ukundichotsetsa pamaso pa azungu makumi awiri. Pali anyamata m'kalabumo amene sadziwa n'komwe kupereka moni, iwo akupitiriza kusewera, ine wopinda mawondo ndili pa benchi. Mkulu uja anabwera ndi makapu awiri a tiyi, nakhala pambali panga. Anati ambiri amene ndikuwaona akuwombera bwinowo anachotsedwapo kamodzi, ngakhale iwo eni. Koma anandikumbutsanso kuti kwatsala kamodzi. Ndinawauza kuti kwathu kuyankha munthu wamkulu utamufulatira ndi mwano. Anaganiza pang'ono, nati pano mwano ndi kumuloza pamimba. Ankanena zoona. Zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri.

Mwana wanga anali atajambula zonse. Iye zinamusangalatsa, makamaka kupinda mawondo kuja, ndiye madzulo omwewo anaponya kanemayo pa gulu la pafoni la kubanja kwathu, ndi tinkhope toseka pansi pake. Sanaganize zoipa, ana okulira kuno amaona ngati chilichonse n'choseketsa. Pamene ndinkamuimbira kuti achotse, kanemayo anali atafika kale ku Lilongwe, ku Joni, ndi konkuno ku Hillhead kwa alamu anga. Anandiyankha m'Chingerezi chake chija kuti ndisadandaule, anthu akundinyadira. Ndinamuuza kuti abale a bambo ake sawadziwa.

Alamu angawa ndi akulu awo a malemu amuna anga. Ndi amene anayamba kubwera kuno, anagwira unesi m'chipatala mpaka kupuma, ndi mkulu wa mpingo, ndipo mtembo wa amuna anga ndi iwo anauperekeza kumudzi. Sindingawanyoze. Anatichitira zambiri. Koma chimwalirire mng'ono wawo anadziika okha kukhala mutu wa nyumba yanga, ndipo ine ndinawalekerera chifukwa sindinkadziwa kuti munthu angakane. Lamlungu titaweruka mapemphero anakwera masitepe anga onse osapumira, suti ili m'thupi, nakhala pampando wa malemu. Ndinawapatsa tiyi nditagwada, monga mwa nthawi zonse.

Analankhula nthawi yaitali, mosakweza mawu. Anati amayi a kumpingo akunong'ona. Anati mkazi wamasiye ndi mfuti n'zinthu zosayendera limodzi, kumudzi akufunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino chichokere maliro. Anati dziko lino n'la eni ake, ife akuda tikangooneka ndi chinthu chonga mfuti tidziputira mavuto, ndipo pamenepo ndinavomereza kuti akunena zoona, n'chifukwa chake kamfuti kanga kamagona m'kabati yokhoma kukalabu, sikakwera basi. Anati ngati ndikusowa chochita Loweruka, kwaya ikusowa mawu achiwiri. Pomaliza anati ndaona ndekha, ngakhale azunguwo andichotsa, ndiye ndingosiya mwaulemu ndisanachite manyazi ena.

Mawu omalizawo ndi amene anandilimbitsa mtima. Akanangonena za kwaya mwina ndikanagonja. Ndinawauza kuti mpikisano wina uliko Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo ndipita. Anaika kapu pansi nandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. Anati ngati zili choncho abwera adzaone okha zimene zikundizunguza mutu. Ndinati khomo n'lotsegula, magalasi otchinjiriza maso akawabwereka komweko.

Masabata atatu amenewo ndinalimbana ndi khosi langa. Kunyumba ndinkaima m'kakhonde ndi simbi yositira m'manja, nditailozetsa kuchitseko, wailesi ndaiika kumbuyo, kudziphunzitsa kuyankha wolengeza nkhani osacheuka. Wina akanandiona akanaitana ambulansi. Kuntchito sizikanatheka, agogo akaitana uyenera kuwayang'ana kumaso, ena amamva ndi milomo yako. Ndiye ndinakayesera kutchalitchi. Mayi wina wamkulu wa benchi la kumbuyo anandiitana kuti ndimupatsire buku la nyimbo, ine ndinayankha ndili chiyang'anire kuguwa n'kupereka bukulo kudzera paphewa. Msana wonse unachita tsemwe ngati ndaba. Mayiyo sanandipatse moni masabata awiri, ndipo nkhani inawanda yakuti mfuti zandilowetsa matama. Kaya zawo izo. Ine ndinaona kuti n'zotheka, munthu sufa nazo.

Kukalabu ndinapempha mkulu wa ndevu uja kuti azindiyesa dala. Ndikagwira kamfuti kopanda kanthu, iwo azilankhula kumbuyo, kundifunsa za nyengo, za basi, zilizonse. Kawiri konse phewa linayamba kuyenda, iwo n'kuligwira ndi chala. Ndinkatuluka thukuta m'chinyumba chozizira chija. Anandiphunzitsa kuti ndikamva mawu kumbuyo ndizikanikiza zala za kumapazi pansi, ndiyang'ane katoni, ndiye ndiyankhe. Koma anandichenjeza kuti pa tsiku la mpikisano sadzandigwira phewa. Akadzaona latembenuka, adzachita ntchito yawo.

Loweruka lomaliza la mwezi linafika ndi mvula yake. Alamu ndinawapeza atafika kale, ataima pakhomo la chinyumbacho ndi ambulera, tayi ili pakhosi ngati akupita kumsonkhano wa akulu a mpingo. Mnzanga wa kuntchito anawapatsa magalasi n'kuwaimika kuseri kwa mzere wachikasu, nawauza kuti oonerera salankhula wina akamawombera. Anavomera ndi mutu mwaulemu. Mwana wanga ndinamuletsa kubwera. Zigawo zinali zinayi. Choyamba ndinaboola dzanja la katoni yosalakwa. Chachiwiri ndi chachitatu ndinayenda bwino, ndipo kamodzi mkulu uja atandifunsa ngati ndakonzeka ndinayankha ndi mutu wokha, maso ali kutsogolo. Pakati pa zigawo ndinkaba kuyang'ana alamu. Anali chiimire, manja kumbuyo, nkhope yosawerengeka.

Chigawo chomaliza chinali ndi kawindo ka m'munsi. Umayamba utaima, kuwombera makatoni atatu kuseri kwa mgolo, kenako kugwada pa bondo limodzi n'kuwombera awiri kudzera pakawindoko, kenako kudzuka, kusuntha mapazi asanu kumanja, n'kumaliza atatu otsala. Achinyamata ankagwada ndi kudzuka ngati ali ndi masipuling'i m'miyendo. Ine ndinadziwiratu kuti pamenepo padzakhala nkhani. Kawotchi kanalira. Atatu oyamba ndinawalasa. Ndinagwada, awiri aja ndinawalasa. Ndiye ndinati ndidzuke, bondo linakana. Linangoti gwa, ululu n'kukwera mpaka m'chiuno. Ndinayesanso, ndinabwerera pansi. Kamfuti kanali m'dzanja lamanja, kakuyang'ana kutsogolo, chala ndachichotsa pa kachitsulo kowombera monga mwa lamulo, dzanja lamanzere likufufuza pogwira pa khoma la matabwa. Ndinkamva masekondi akutha.

Pamenepo mawu anachokera kumbuyo, m'Chichewa, omveka bwino m'chinyumba chonsecho.

"Alamu. Basi, zakwana. Tiyeni kunyumba."

Anthu a mimba imodzi amafanana mawu, koma sindinkadziwa kuti awiriwa amafanana chonchi ukakhala sukuona nkhope. Anali mawu a amuna anga enieni, mmene ankandiitanira tikakhalitsa kwa anthu, iwo ataima kale pakhomo ndi makiyi m'manja. Khosi linayamba lokha. Ndinalimva likukoka, phewa lamanja likutsatira, ndipo dzanja la kamfuti limatsata phewa. Misozi inadzaza m'magalasi. Ndinakanikiza zala za kumapazi m'nsapato mpaka kuwawa, n'kuyang'anitsitsa katoni imene inali patsogolo panga, kabowo kamene ndinali nditangoboola kumene. Mkulu wa ndevu uja anali pambali pa phewa langa, ndinkamva kupuma kwake, ndipo sanandikhudze.

"Ndakumvani, alamu," ndinatero, ndikuyang'ana katoni. "Mudikire ndimalize."

Ndinagwira thabwa, ndinaluma mano, ndinadzikoka. Bondo linalira kuti aliyense amve, koma ndinaima. Mapazi asanu aja ndinawayenda motsimphina, kamfuti kali kutsogolo ngati ndanyamula kandulo. Atatu otsalawo ndinawawombera mosafulumira, kawiri kawiri, ndipo onse ndinawalasa pakati. Mkulu uja anandiuza kuchotsa kabokosi, kuonetsa kuti mulibe kanthu, kubwezera m'kachikwama. Ndinachita zonse chimodzichimodzi. Atanena kuti bwalo lili bwino, m'pamene ndinatembenuka.

Azungu anawomba m'manja, koma sanadziwe chimene ankawombera, iwo ankaona ngati ndi za bondo. Mkulu uja anapita kaye kwa alamu. Sindinamve zonse, koma ndinaona chala chake chikuloza mzere wachikasu kenako chitseko, ndipo ndinaona mkulu wa mpingo, munthu amene amadzudzula ena, akudzudzulidwa ngati mwana wa sukulu. Sindinasangalale nazo, ndinawamvera chisoni. Kenako woyang'anira uja anabwera kwa ine nati popeza woonerera wandisokoneza, lamulo likundilola kubwereza chigawocho, mwina nthawi yanga ingatsike. Ndinakana. Ndinati alembe yomweyo, ndi masekondi onse amene ndinakhala pansi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nalemba. Pa anthu onse a tsikulo ndinakhala wachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo lamba anakhalabe m'chiuno mwanga.

Alamu ndinawapeza panja, pansi pa kadenga ka pakhomo, ambulera osatsegula. Magalasi obwereka aja anali akadali m'manja mwawo. Ndinapita patsogolo pawo, ndinapinda mawondo mmene bondo linandilolera, n'kulandira magalasiwo ndi manja awiri. Ndinawathokoza kuti abwera. Anayang'ana mvula. Kenako anati anaitana chifukwa anaona ndikuvutika pansi paja, anthu achilendo akundiyang'ana, ndipo mtima wawo sunapirire. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Ndikukhulupiriranso kuti kanema uja anamuonera kangapo, ndipo ankadziwa chimene chimachitika ndikaitanidwa. Zonse ziwiri zikhoza kukhala mwa munthu mmodzi, ndipo sindinawafunse.

Anati chibadwire sanayankhidwepo ndi mkazi wa m'banja mwawo atawafulatira. Ndinati ndikudziwa, ndipo sindinachite mwa mwano, koma mwezi wamawa ndidzabweranso, ndipo akadzaitananso ndidzayankha chimodzimodzi. Anapukusa mutu.

"Mng'ono wanga akanakhala moyo," anatero, "sakanalola zimenezi."

Ndinafuna kunama. Ndinafuna kunena kuti akanandinyadira, akanandinyamulira chikwama, zimene amasiye timanena kuti malemu aoneke bwino. Koma ndinali nditatopa, bondo likuwawa, ndipo munthuyo ndinakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinkamukonda, ndipo ndinkamudziwa.

"Zoona, alamu," ndinatero. "Akanandiletsa, ndipo ine ndikanamvera. N'chifukwa chake ndayamba ndi imvi."

Anatsegula ambulera, nayamba kuyenda kulowera ku siteji ya basi, pang'onopang'ono, mwina akuyembekezera kuti ndiwatsatira kudzawaperekeza monga ndinkachitira nthawi zonse. Ndinawayang'ana mpaka anafika pa geti. Kenako ndinabwerera m'kati, chifukwa amene wamaliza kuwombera amathandiza kumata mabowo a pa makatoni, ndipo anzanga anali akundidikira.